Makolo a Woyeza Minda wa ku Ireland

Chaka changa chachiwiri ku Canada ndinkasamalira bambo ena achikulire, azungu, ku Etobicoke, kufupi ndi bwalo la ndege. Anali mphunzitsi wopuma. Maso anali atayamba kuchita khungu, koma mtima sunkakhala m'malo. Ankafufuza za Mngelezi wina amene boma la kwawo linamutumiza ku Ireland kukayeza minda, zaka mazana atatu m'mbuyomo. Ankati ndi kholo lawo, ndipo ankafuna kudziwa amene anamubereka.

Ine anandilemba ntchito yowasambitsa ndi kuwapatsa mankhwala, koma posakhalitsa ndinasanduka maso awo. Makalata ochokera kwa abusa a m'midzi ya ku England ndinkawawerengera ndine. Loweruka ndinkakwera basi, kenako sitima ya pansi, kupita ku laibulale ya m'tauni kukapukusa makina oonera mabuku akale a ubatizo mpaka mutu kuwawa. Pobwerera ndinkawapeza pawindo, akugogoda ndodo pansi.

"Mwapezako chiyani?" ankafunsa ndisanavule n'komwe jasi.

"Dzina lija lilipo, bambo, koma ndi la wina. Anamwalira ali khanda."

Nanenso zinandilowa m'magazi. M'basi, kutchalitchi, ndinkangoganiza za munthu amene ngakhale nkhope yake sindinkaidziwa.

Tsiku lina ndikuwerenga kalata yofotokoza ntchito yake, ndinalekera pakati. Inkati ankayenda ndi tcheni, kuyeza minda ya eni nthaka kuti ipatsidwe kwa obwera. Ine kwathu ndi ku Thyolo. Agogo anga aamuna anawasamutsa kuti pabzalidwe tiyi, n'kumagwira thangata pa dothi lomwe anabadwirapo.

"Mwasiyiranji?" anafunsa.

Ndinawauza zonse. Ndege inadutsa, magalasi a mawindo n'kunjenjemera.

"Ndiye tileke?"

"Ayi, bambo. Ndikufuna ndidziwe kuti munthu wotere amabadwa kwa yani."

Yankho linafika chipale chofewa chitadzaza m'misewu. M'busa wina analemba kuti bambo ake a woyeza minda uja sanali munthu wolemekezeka monga banja linkanenera. Anali mlimi wobwereka munda, ndipo mwini malo anamuthamangitsa kuti azidyetserapo nkhosa. Nthawi imeneyo mwanayo anali asanakule.

Anati ndiwerengenso. Nditamaliza anadzuka okha, chinthu chomwe dokotala anawaletsa, n'kuyamba kuzungulira m'chipinda atagwira khoma.

"Ankadziwa kuwawa kwake," anatero. "Ankadziwa, koma anapitabe."

Ndinawagwira mkono kuti akhale pansi, anakana.

"Nanga mayi ake? Tengani pepala, tilembenso."

Tinalemba makalata ena angapo, osayankhidwa. Chisanu chisanathe mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye ku Brampton, ndipo ine ndinatumizidwa kukagwira ntchito kunyumba ina. Mayi ake a woyeza minda uja sitinawapeze.