Zefa Wotsuka Zala

Zefa ndinamudziwira pamzere, ndipo kuyambira pamenepo sindinamuonepo atakhala pansi manja ali pamiyendo. Tinali atsikana ku kampu ya othawa nkhondo, kutsidya kwa Ruo kufupi ndi Muloza, aliyense atagwira khadi la ufa ndi nyemba. Enafe tinkangoima n'kumadandaula dzuwa. Iye ankasungira anthu malo pamzere, n'kumalandira kamchere kapena kachidutswa ka sopo. Nkhondo itatha anatikweza m'malole kutibweza kwathu ku Milange, tinapeza nyumba zili mabwinja, minda itasanduka thengo. Zefa anaumba njerwa yekha, anakwatiwa ndi Faustino amene ankanyamula katundu panjinga pamalire, n'kubereka mwana mmodzi, Inês. Faustino anamwalira akulonjezabe malata. Nyumba inakhala yaudzu mpaka chaka cha namondwe uja, pamene mphepo inatenga denga, madzi n'kudzamaliza zotsalazo.

Titachoka kusukulu kumene tinathawira, Zefa anakweza makoma kachiwiri m'moyo wake. Pamwamba anayalapo lona, lija labuluu la chithandizo, limene dzuwa linali litayamba kale kulibowola. Inês anali woyembekezera, ndipo mwana ankadzabadwa mvula ikayamba. Ndiye titamva kuti bungwe lina labwera kudzalemba anthu amene nyumba zawo zinagwa, kuti awapatse malata, Zefa anali woyamba kumanga chitenje. Amati mutu umodzi susenza denga, koma denga la Zefa linkangofuna chala chimodzi basi.

Kalemberayo ankachitikira m'nyumba ina yosungiramo katundu kuseri kwa msika. Magetsi anali asanabwerere, mapolo adakali gone m'misewu, choncho kompyuta inkayendera batire yotchajidwa ndi sola. Pambali pake panali kabokosi kokhala ndi kagalasi, kolumikizidwa ndi chingwe, koikapo chala. Mlembi anali Jaime, mwamuna waulemu wake koma wotaipa ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. Ine ndinkawagulitsa tiyi ndi buledi anthu a muofesimo, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso angawa.

Amene anapulumutsa bilyeti yawo, chiphaso cha boma chija, sankachedwa. Jaime ankangokopera, munthu n'kuika chala, kagalasi n'kuwala, zatheka. Koma ambiri mapepala awo anapita ndi madzi. Amenewo Jaime ankayenera kuwafunsa zonse: dzina la bambo, la mayi, mudzi, chaka chobadwa. Munthu wa kumidzi ya ku Mongue ukamufunsa chaka chobadwa amayambira pa dzombe, n'kudutsa pa njala, n'kukathera kwa malume ake. Pofika poika chala, kagalasi kankangokhala zii. Jaime ankayesa kamodzi kokha, chifukwa mzere unali kufika kumsika, ndipo kumene anakaphunzira ntchitoyi anamuuza kuti chala chikakana, mwini wake akasambe m'manja abwerenso.

"Chala chakana, mama. Kasambeni, mudzalowere khomo la kumbali."

Posakhalitsa tauni yonse inadziwa chifukwa chake, poti kwathu kuno sitisowa akatswiri. Anati khasu limafufuta mizere ya m'zala. Umboni unalipo: amalonda ndi aphunzitsi ankadutsa, olima ankabwezedwa. Palibe anaganiza zoti amalonda ndi aphunzitsiwo ndi amene anali ndi zikwama zosungiramo mapepala. Ndinaona amuna akuluakulu akutuluka akuyang'ana zala zawo mwamanyazi, ngati zawachitira chipongwe pagulu.

Zefa anaona anthu akusowa posamba, ndipo maso ake aja a ku kampu anatseguka. M'mawa mwake anafika ndi beseni, chigubu cha madzi, mandimu, phulusa, kamwala kotsukira mapazi ndi kabotolo ka mafuta odzola, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khomo la kumbali. Ankagwira dzanja la munthu, kuliviika, kulipukuta ndi phulusa, kufinyira ndimu, kutsuka, kenako kadontho ka mafuta. Atatsuka gulu loyamba, analiperekeza yekha mkati kuti akaone ngati ntchito yake yagwira.

Apa ndi pamene panachitikira chozizwitsa. Zefa ndi mkazi woti akaona mbale yakuda, ngakhale kwa eni, amaipukuta. Ataona kagalasi kali ndi thukuta la anthu a mudzi wonse, anangotambasula dzanja n'kukapukuta ndi chala chake chachikulu. Kagalasi kanawala. Woyamba anaika chala, chinadutsa. Wachiwiri, chinadutsa. Gulu lonse linadutsa, chifukwa mayina awo anali kale m'kompyuta ndipo ankangotsatana. Jaime anamuyang'ana Zefa, Zefa anayang'ana chala chake.

Kuyambira tsiku limenelo unakhala mwambo. Obwezedwa ankasonkhana pamango, Zefa n'kuwatsuka, n'kuwatsogolera, n'kuyamba iye kukhudza kagalasi. Anthu ankati akutsegula njira. Tsiku lina gulu linalowa lokha iye ali kotunga madzi, woyamba anakanidwa, ndipo nkhani inatha pomwepo: palibe analowanso popanda Dona Zefa, monga timatchulira amayi olemekezeka. Inde, anali atasanduka Dona. Sankatchula mtengo. Anthu ankasiya zimene anali nazo, mazira, nandolo, chinangwa chouma, ndipo Inês anayamba kudya ngati munthu woyembekezera. Ine ndinasangalala naye kwambiri, ngakhale kuti kansanje sikanalephere, poti tiyi wanga sanatchedwepo wodalitsika.

Koma panali lamulo limodzi. Mlonda wa pageti ankatulutsa aliyense amene walembetsa kale, kuti pabwalo pasadzaze. Zefa anawerengera bwino: akalembetsa lero, mawa beseni lake likhala kunja kwa mpanda. Ndiye chala chimene chinkakhudza kagalasi tsiku ndi tsiku chinalibe dzina m'kompyutamo.

"Mana Zefa, lembetsani," ndinamuuza, poti kwathu mchemwali timati mana. "Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Iwe, makina amenewo amandidziwa kuposa mmene ankandidziwira Faustino. Ndidzalowa tsiku lomaliza, ndidzatseke ndine."

Sabata yomaliza isanakwane kunabwera mayi wina wa ku Quelimane, dzina lake Ofélia, amene ankayendera makompyuta a bungwelo. Kulikulu anadabwa kuti bwanji ku Milange kokha anthu alibe zala. Anakhala pambali pa Jaime m'mawa wonse akumwa tiyi wanga, n'kumayang'ana. Anaona mkulu wina akufotokoza za dzombe, anaona chala chikukanidwa, anaona Zefa akulowa ndi gulu lake ngati wotsogolera kwaya. Kenako anaseka mpaka kupukuta misozi, koma sikunali kuseka konyoza.

Anamufotokozera Jaime m'Chipwitikizi, ine ndikutolera makapu pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati kompyuta ikamayendera batire imakhala yaumbombo ndi moto. Chilichonse cholumikizidwa kwa iyo, kaya ndi mausi, kaya kiyibodi, kaya kagalasi aka, chikakhala kanthawi osagwira ntchito, kapulogalamu kochiyendetsa kamachimana moto kuti chigone. Ukachikhudza koyamba chimangodzuka, sichiwerenga kanthu. Kukhudza kwachiwiri ndi kumene chimawerenga. Anatsegula penapake, anachotsa kachizindikiro kamodzi, n'kunena kuti tsopano kagalasi sikadzagonanso, kungoti batire izitha msanga. Ntchito yonseyo inatha tiyi wake asanazizire.

Ndinathamangira kumango, poti wakutsina khutu ndi mnansi.

"Mana, si mandimu ayi. Akuti makinawo amangogona."

Zefa sanasiye n'komwe dzanja limene ankatsuka. "Amagona? Chabwino. Nanga amene wakhala akuwadzutsa masiku onsewa ndani?"

Ndinabwerera kukatsuka makapu anga.

Munthu angaganize kuti malonda ake anathera pomwepo. Ayi ndithu, anakula. Anthu anali atayamba kale kusamba asanalowe n'komwe, kuopa manyazi obwezedwa, ndipo tsopano aliyense wotsukidwa ndi Zefa ankadutsa ulendo woyamba. Osatsukidwa nawonso ankadutsa, koma amenewo anali ochepa ndipo palibe ankawawerengera. Mbiri inafika mpaka ku Mongue kuti Dona Zefa wafika poti safunikanso kulowa, mphamvu yake imagwira ali panja. Ofélia anabwerera kwawo. Jaime anatumizidwa kumidzi ndi kompyuta ina, m'malo mwake munabwera mlembi watsopano, Valter, amene sankadziwa nkhope ya munthu aliyense. Zefa ankatsuka kuyambira m'mawa mpaka batire kutha, manja ali m'madzi a ndimu ndi phulusa. Ndinaona kuti akumagwira kapu ya tiyi ndi zikhatho, osati ndi zala, koma ndinkayesa ndi kutopa chabe.

Tsiku lomaliza anavala chitenje chake cha ku tchalitchi. Anatsuka anthu onse amene anatsala, n'kuima kumapeto kwa mzere monga ananenera. Ine ndinalowa naye, ndinkafuna kuona makina akulonjera mnzawo. Valter anamufunsa dzina, iye anatchula la m'kaundula wa ubatizo, Josefa, ndi la bambo ake. Anayankha mafunso onse mosazungulira, poti anali atawamva kambirimbiri. Kenako anatambasula chala chachikulu chija n'kuchiika pakagalasi, kali maso, kakuwala bwinobwino.

Chinakana.

Valter sanali ngati Jaime, anali ndi chipiriro. Anayesanso. Anayesa chala cholozera, chapakati, mpaka kachala kakang'ono, kenako dzanja linalo. Pakompyuta pankangooneka chibanga choyera chopanda mzere ndi umodzi womwe. Anatembenuza dzanja la Zefa n'kuliyang'ana. Nsonga za zala zinali zosalala, zofiirira, zonyezimira ngati za mwana wobadwa kumene. Ndimu, phulusa ndi kamwala zinali zitachita kwa iye zimene khasu linalephera kuchita kwa anthu a ku Mongue. Ndinadziwa kuti ulendo uno makina sakunama.

"Mama, popanda chala kompyuta siitseka dzina, ndipo dzina losatseka silipita kulikulu," anatero Valter. "Khungu limamera, mukapumitsa manja masabata angapo. Koma ife tikutseka lero."

Zefa anabweza dzanja lake. Valter anayang'ana chizindikiro cha batire, chimene chinali chitafiira kale, n'kumumvera chisoni. Anatsitsa mawu ngati akumuuza chinsinsi.

"Tamverani, mama. Ine ndine mlendo kuno, koma akuti panja apo pamango pamakhala mayi wina, Dona Zefa, wotsuka zala. Akuti palibe amene anamugwira dzanja n'kubwezedwa. Thamangani mukamupeze asanaweruke, ndikudikirani."

Ndinatsegula pakamwa, koma Zefa anandiponda phazi.

"Ndikumudziwa, bambo," anatero. "Zikomo."

Anatuluka pakhomo la kumbali lija, ine pambuyo. Pamango panalibenso munthu. Anakhala pansi, anathira madzi m'beseni, anadula ndimu lomaliza, n'kuyamba kudzitsuka mwa dongosolo lake lonse, osadumpha kanthu: kuviika, phulusa, ndimu, kutsuka, kadontho ka mafuta. Ndimu litalowa m'ming'alu anangoluma mlomo. Ndinamuuza kuti asiye, akungoonjezera. Anati munthu wakuuza mwaulemu kuti ukasambe, umasamba.

Tikubwerera pakhomo tinakumana ndi Valter akukulunga chingwe. Batire inali itatha. Kagalasi kosagona kaja kanali katadya moto wonse dzuwa likadali pamutu.

Malata anabwera mwezi wotsatira, ndipo bairo lathu, dera lonse limene timakhala, linanyezimira. Nyumba zambiri mwa zimenezo eni ake anadutsa m'beseni la Zefa, ndipo akakumana naye panjira amamupatsabe moni wa manja awiri. Mizere ya m'zala zake inabwerera yonse, yooneka bwino, anandionetsa yekha. Mdzukulu wake anabadwa sabata imene mvula inayamba. Beseni lija lilipobe, limakhala pambali pa mphasa ya mwanayo, pamene lona limadontha kwambiri.