Bilimankhwe wa mu Mtengo wa Pichesi

Musi wa amayi unali ndi kaliridwe kakekake. Kwathu ku Mphunzi, m'mawa nkhungu isanachoke paphiri, mitondo inkalira makomo onse, koma wathu ndinkauzindikira ngakhale ndili kudambo. Unkagunda kawiri mofulumira, n'kupuma, ngati munthu amene akuganiza zoti anene. Pambuyo pake m'pamene zinkamveka zina zonse: njiwa za mu mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, mabelu a ng'ombe zokoka ngolo, ndi chitsulo cha kutchalitchi chimene akatekisiti ankachimenya ngati chawalakwira.

Chaka chimene ndikunenachi, mvula ikupita kumapeto, mondokwa atayamba kudyeka, musi uja unaleka kulira. Amayi anali oyembekezera, ndipo miyendo inawatupa moti bambo anawakweza pangolo n'kukawasiya kuchipatala cha mishoni kuti akadikirire komweko. Amayi aang'ono ndiwo anabwera kudzatisunga ine ndi achimwene anga a Yohane. Nawonso ankasinja, koma musi wawo unkangodukizadukiza, ndipo ine ndinkati ndi ulesi.

Ndi masiku amenewo pamene ndinamuona bilimankhwe. Anali panthambi ya pichesi, wobiriwira ngati masamba omwewo, mimba itatupa mpaka kulendewera mbali zonse za nthambiyo. Diso limodzi linkayang'ana ine, linalo kumwamba. Achimwene, amene pa msinkhu wawo wochepawo ankadziwa kale zonse za pansi pano, sanachedwe kundimasulira.

"Ameneyu ali ndi pakati. Tsiku lake likakwana adzakwera kunsonga n'kudzigwetsa, mimba phu! Ana n'kumwazika, mwini wake n'kufera pomwepo."

"Nanga anthu?" ndinafunsa.

Anangoseka n'kuthamangira kubusa, funso lija n'kutsala ndi ine. Mimba ya amayi ndinali nditaiona, ndipo ndinkakumbuka mayi wina wa m'mudzi mwathu amene anapita pangolo yomweyo osabwerako wamoyo. Ndinachita mantha kwambiri, koma womuuza ndinalibe. Mumtima ndinangotsimikiza ndekha kuti chimene chidzagwere bilimankhwe ndicho chidzagwerenso amayi.

Motero ndinasanduka mlonda wake. Ndinamweta udzu n'kuuyala pansi pa mtengo, pamwamba n'kufunditsapo chitenje chakale cha amayi, kuti akadzagwa adzagwere pofewa. Amayi aang'ono atachiona anapukusa mutu. "Iwe Malita, chitenje cha amayi ako ukuyalira nkhuku?" Koma sanachichotse. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kuseri kuja duu, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti pakhomo pathu pankakhala ambiri kuposa ife. Abuluzi ankaswanyula masamba ouma, njuchi zinkang'ung'udza m'maluwa a maungu, mbira zinkaitanizana m'matanthwe a paphiri. Khutu limodzi linali kumeneko, linalo kumsewu, kudikira kuti kumveka nthungululu kapena kulira.

Tsiku lina masana, kamvula katangowaza, dothi likununkhira, ndinapeza panthambi palibe kanthu. Pachitenje panalibenso. Ndinamupeza pafupi ndi nkhokwe, atada ngati dothi lomwelo, akukumba ndi timanja take topanapana tija. Ankapala kadothi pang'ono, n'kukankhira kumbuyo, n'kuima ngati waiwala chimene amachita. Anakumba mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'mawa mwake ndinajomba kusukulu kuti ndizimupirikitsira nkhuku. Dzenje litakwana analowamo n'kutembenuka, mutu wokha kuonekera. Ndinagona chafufumimba, ndipo kuseri kwa mchira wake ndinaona timazira toyera tonga nyemba tikugwa kamodzikamodzi, popanda phokoso lililonse.

Kenaka anatuluka. Anakwirira dzenje lonse, n'kupondaponda, n'kukokerapo tizinyalala mpaka ine amene ndinaliona sindikanalilozanso. Anali atafota, khungu lili lendelende m'nthiti, koma anali wamoyo. Anayenda kayendedwe kake kokayikira kaja, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, napondanso chitenje cha amayi, n'kukwera mumtengo mwake. Ndinalira osadziwa kuti ndikulirira chiyani.

Sipanapite masiku ambiri, mabelu a ngolo yathu anamveka kumsewu. Amayi aang'ono anaponya musi pansi n'kuthamanga, ndipo nthungululu yawo inakagunda kuphiri n'kubwerera. Amayi anali chigonere pamphasa m'ngolomo, milomo itayera, kamwana kali pachifuwa.

"Ndimadziwa kuti mubwera," ndinawauza. "Bilimankhwe sanaphulike."

Sanamve chimene ndinkatanthauza. Anangondigwira pamutu ndi dzanja lozizira.

Ndinadzamva nditabereka mwana wanga woyamba kuti amayi anataya magazi ambiri, mpaka ansembe anaitanidwa kudzawadzoza mafuta a odwala. Ndinamvetsanso kudukiza kwa musi wa amayi aang'ono: nawonso khutu lawo linali kumsewu. Musi wa amayi unadzaliranso titakolola, kawiri n'kupuma, kungoti kupumako kunali kutatalika. Pa nthawiyo ndinkati bilimankhwe ndiye anawabweza kwathu. Lero ndikudziwa kuti iye ankangoikira mazira ake, za ife analibe nazo ntchito. Komabe ndikamupeza akuwoloka msewu, ndimatula mtolo wanga n'kumudikira mpaka atafika tsidya linalo.