Makilomita 56 Amene Sindinayende

Galimoto yathu yatha zaka makumi awiri ndi zitatu ili m'manja mwanga, ndipo ndinaigula itayenda kale kwawo ku Japani. Ana amaitcha gogo. Ine sindiseka nawo, chifukwa gogoyo ndi amene ankawaperekeza kusukulu, ndiponso ndi amene amanyamula amayi awo mwezi ndi mwezi kupita kuchipatala kukayezetsa shuga.

Ndinali kalaliki pa depoti yogula thonje mpaka ndinapuma ntchito. Kumeneko ndinaona anthu akukana lero zimene anavomera dzulo, ndi pakamwa pomwepo. Pepala lokha ndilo silisintha mawu. Choncho m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi muli zonse za galimotoyi: waitibuku yosonyeza kuti mwini wake ndine, mapepala a fitinesi a chaka ndi chaka, a inshuwalansi, ndi malisiti a matayala amene anatha kalekale. M'galimoto momwemo mumakhala kope la chikuto chakuda. Ndikamanyamuka ndimalemba nambala ya pa mita yowerenga makilomita, ndikafika ndimalembanso. Chitsulo chilichonse chimene chingamasulidwe ndinachidontheza penti yofiira, kuti munthu asandisinthire.

Amene amaikonza ndi makaniko mmodzi wa ku Kapata, dera lina la m'tauni mwathu muno. Anayamba kuigwira ali ndi tsitsi lakuda, pano imvi zayamba. Anzake onse akaiona amangoti, "Amdala, kagulitseni kwa a sikirapu." Iye yekha ndi amene amagona pansi pake n'kuimvetsera.

Chaka chatha, titatuta mtedza kumunda kwathu ku Madzimoyo, kumbuyo kwa galimoto kunatsika. Masipuling'i anali atatopa ndi matumba, moti tikamakwera hampu pansi pankakhula. Ndinaisiya kwa makaniko Lolemba, ndipo ndinalemba nambala iye akuona: 412,306. Kopelo ndinachoka nalo. Lachinayi ndinapita kukaitenga. Ndinaipeza itaima mowongoka ngati mmene inkaimira kale. Ndisanalize injini ndinatsegula kope n'kuyang'ana pa mita: 412,362.

"Amisiri, tabwerani. Werengani apa, muwerengenso apa, kenako muchotsere."

"Masamu ndinawasiya kalekale, bambo."

"Makilomita 56. Galimoto yanga inapita kuti?"

"Ku Mwami. Paja ndinakuimbirani Lachiwiri, inu n'kuvomera."

Ndinamuonetsa zimene ndinalemba tsikulo ndi dzanja langa: "Lachiwiri m'mawa. Aimba amisiri, akufuna akaiyese. Ndavomera."

"Kuyesa galimoto ndi kuzungulira msika n'kubwerera," ndinatero. "Amayesera galimoto kumalire a dziko ndani?"

"Sindinati kuyesa, bambo. Ndinati kuyeza. Kukayeza masipuling'i ku Mwami, chifukwa m'tauni muno a mtundu wa galimoto yanuyi anasowa."

"Ine ndinalemba kuyesa."

"Ndiye cholembera chanu ndicho chinamva molakwa."

Amuna awiri amene anakhala pa matayala kudikira magalimoto awo anaseka mpaka mmodzi anatsokomola. Ndinatseka kope, n'kuchoka osatsanzika.

Wosadziwa angati makilomita 56 n'chiyani pa galimoto imene yayenda zikwi mazana anayi. Koma ku Mwami ndi kumalire ndi Malawi, ndipo tonse timadziwa kuti si katundu yense amadutsa pa geti. Galimoto ikagwidwa ndi katundu wozembetsa, safunsa amene anaiyendetsa sabata yatha. Amatsegula waitibuku, ndipo mmenemo muli dzina langa. Ndinaganizanso kuti ngati anachita kamodzi ndiye kuti anachitapo kale, kapena apolisi a pa rodibuloko anailemba kale nambala, akungodikira tsiku.

Nditafika kunyumba ndinatulutsa zonse za m'buti, mpaka tayala la sipeya. M'mphepete mwa chitsulo ndinapeza timbewu ta mpunga. Unali mpunga wautali, wonunkhira, uja umachokera ku Malawi. Ife sitinanyamulepo mpunga m'galimotomo. Ndinautola ndi nsonga ya mpeni n'kuuika mu envulopu, pamwamba pake ndinalembapo tsiku ndi malo amene ndinaupeza.

Mayi a kunyumba ankandiyang'ana ali pakhonde.

"Bambo, foni ya Lachiwiri ija munayankhira kuti?"

"Ku Madzimoyo."

"Ku Madzimoyo pati?"

"Pa chigayo."

"Chigayo chikulira?"

"Makutu anga ali bwino, amayi."

"Eya, ali bwino. Lamulungu lija wansembe atati tiimirire, inu nokha munagwada."

Ndinanyamula envulopu yanga n'kulowa m'nyumba. Mpunga sunalowe m'buti chifukwa cha makutu anga.

Ndinatsimikiza zosiyana naye munthuyo. Koma nditakhala pansi kuti ndilembe mayina a amakaniko ena, tsamba linakhala loyera. Amene ndinawakumbukira ndi aja a "kagulitseni". Galimoto yathu popanda munthu ameneyu siingathe chaka ikuyenda, ndipo amayi ndi miyendo yawo yotupa sangalimbane ndi maminibasi. Kumusiya kunali kuitaya galimoto, komanso kupitiriza naye osadziwa zoona kunali kuika dzina langa m'manja mwa wozembetsa. Ndinaona kuti ndikadzionere ndekha.

Loweruka m'mawa ndinakaima pa geti la galaja yake, osatsika, n'kulemba nambala. Kenako ndinalunjika ku Mwami. Ndisanafike pa mzere wa mathiraki odikira kuwoloka, ndinaona malo ogulitsira zitsulo za magalimoto akale: mpanda wa malata, mkati muli zigoba za magalimoto zosanjikizana. Nditaima pakhomo ndinayang'ana pa mita. Makilomita 28. Kupita ndi kubwerera, 56. Panalibe ngakhale kilomita imodzi yotsala yoti galimoto n'kuwolokera malire kapena kupatukira m'njira za m'tchire. Kunena zoona, zinandikhumudwitsa pang'ono.

Mwini malowo ndi Msilamu wachikulire wa kachisoti koyera, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Anaizindikira galimoto asanandipatse moni.

"Aa, yabweranso nkhalamba ija inatidyera tsiku lonse! Achikulire, ndinu eni ake? Mwaisunga."

Anandiuza kuti anaika masipuling'i mitundu itatu, kuika n'kuchotsa, mpaka wachitatu unagwirizana.

"Nanga bwanji sanangomasula sipuling'i imodzi n'kubwera nayo pa minibasi?" ndinafunsa.

"Sipuling'i ikakhala m'manja imanama. Muyenera kuiika, galimoto ikhalepo, ndiye mutenge tepi muyeze kuchokera pansi. Komanso chitsulo chikatuluka pa geti langali sichibwerera. Makaniko wanuyo amadziwa zimenezo."

Anandilozera pakona. Pamenepo panali masipuling'i anga akale awiri, dontho langa lofiira likuoneka bwinobwino.

"Amenewo ndi anga," ndinatero. "Ndani anakupatsani?"

"Otha ntchitowo? Tengani, achikulire, mukapachike pabalaza."

Ndinawatenga. Kenako ndinatulutsa envulopu n'kukhuthulira mpunga uja m'dzanja langa. Anauyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuyamba kuseka atagwira ndevu.

"Mwayenda ulendo wonsewu ndi mpunga, nanga ndiwo zake zili kuti? Ndine ndinamupempha makaniko wanuyo kuti akasiyire mlongo wanga ku Kapata kathumba kakang'ono. Kanali kobooka, mlongo wanga anandidandaulira kale."

"Pepala la kasitomu la mpungawo lilipo?"

"Mpunga wa m'khitchini mwanga, umene adzukulu anga akudya, ukhale ndi pepala?"

"Ndiye mundilembere inuyo."

Anaona kuti sindikuseka. Anang'amba tsamba la kalendala yakale, n'kulemba kuseri kwake kuti mpungawo unali mphatso ya m'banja, ndipo anasainira. Pondipatsa anati, "Mukadzafika kumwamba, mngelo wolemba uja mudzamulande ntchito."

Ndinabwerera molunjika ku Kapata. Makaniko anatuluka pansi pa galimoto ina, anaona masipuling'i akale ali pampando wakumbuyo, ndipo anapukusa mutu.

"Mwapitadi, bambo?"

"Ndapita. Ndi 28 kupita, 28 kubwerera. Pamenepo palibe mlandu. Koma za mpunga simunandiuze, ndipo zitsulo zanga munazisiya kwa eni ena."

Anapukuta manja nthawi yaitali. "Za mpunga ndinalakwa. Ndinaona ngati n'zazing'ono."

"M'galimoto ya mwini mulibe chaching'ono."

"Ndamva. Nanga za kuyeza zija, inu simunalakwe?"

"Zimenezo palibe umboni."

Anaseka, ine osaseka. Ndinamupatsa kope ndi cholembera, ndipo tinapangana kuti kuyambira tsikulo, galimoto ikamatuluka pa geti lake ine palibe, azilemba yekha kumene ikupita ndi chimene ikukachita. Zolemba zake n'zoipa ngati mapazi a nkhuku, koma zimawerengeka. Lachitatu lotsatira ndinawatenga amayi kupita kuchipatala, ndipo pa mahampu onse pansi sipanakhule.

Mzere wa Lachiwiri uja sindinaufufute, chifukwa ine sindifufuta. Ndinangolemba z wamng'ono pamwamba pa s, n'kuika chizindikiro cha funso pambali. Envulopu ya mpunga ndi tsamba la kalendala zili m'sutikesi, pamodzi ndi waitibuku. Masiku ano akandiimbira amakuwa dala kuti, "Kuyeza, bambo! Z wa ziwala!" ndipo ndimamva anthu akuseka kumbuyo kwake.

Amayi amati nkhaniyo inatha. Koma ndinayang'ana m'foni, ndipo inasunga kuti tinalankhula masekondi 41. Ndayeserapo kunena mawu onse amene iye akuti ananena, ndi moni womwe, nditagwira wotchi m'manja. Amakwanamo ndithu, nthawi n'kutsalako. Chimene sindikumbukira mpaka lero ndi kumva dzina loti Mwami, ndipo dzina limenelo lilibe s kapena z.