Masitepe Atatu a Bashiru

Bashiru wa ku Liwonde ndi kamunthu kochepa thupi, makutu otambalala ngati akufuna kuuluka. Amayendetsa boti la alendo m'ngalande za pa chilumba china chomangidwa ndi anthu, kuno ku Doha. Kwawo ankawolotsa anthu pa Shire, ndiye atafika anadabwa kuona madzi osakhazikika mtima: m'mawa atsika, masana akwera, mvula osagwa ngakhale dontho. Anzake a pantchito anamuuza kuti imeneyo ndi taidi, imayendera mwezi.

"Mwezi?" anatero Bashiru. "Ndiye kwathu kulibe mwezi?"

Pepala la maola a taidi limene bwana anamupatsa anakulungira samusa. Anapeza njira yakeyake. Kutsidya kwa doko kuli masitepe otsikira m'madzi. Akaoneka atatu ouma, boti limadutsa pansi pa kamlatho ka pakona munthu ali chiimirire. Akaoneka awiri, aliyense akhale pansi. Likatsala limodzi, weramani ndithu. Zaka zinayi sanagunditsepo mutu wa munthu, ndipo amanena zimenezi ngakhale simunamufunse.

Kenaka anakonda Halima, wosita nsalu pa hotela ina ku Al Nasr. Makolo a mtsikanayo, a ku Liwonde komweko, anati nkhani yonse ili m'manja mwa amalume ake, Che Tahiru, dalaivala wakalekale wa ku Al Asmakh. Akavomera iwo, ukwati ulipo. Akapukusa mutu, khalasi, zathera pomwepo.

Lachisanu lina atatuluka ku mzikiti, Che Tahiru anabwera ndi Halima kudzaona mnyamatayo pa ntchito yake, atavala mkanjo woyera ndi chisoti chatsopano. Bashiru, amene amakalipira ngakhale nsomba, tsikulo anasanduka mwanawankhosa. Ananjuta pa doko, maso pa nsapato za amalume, kuyankha moni wa bambo, wa mayi, wa mbuzi zomwe. Kuti aone masitepe aja anayenera kuwafulatira akuluwo. Mkamwini wa mawa angafulatire amalume ali pakati polankhula? Sanacheuke. Analiza injini.

Ulendo unayamba bwino. Che Tahiru anaimirira pakati pa boti, naimbira foni ya vidiyo mlongo wawo, mayi ake a Halima, kuti aone nyumba za mitundumitundu.

"Achemwali, taonani! Ngati makeke!"

Atakhota pakona, Bashiru anayang'ana kutsogolo. Kamlatho kaja kanali katatsika ngati khomo la khola la nkhuku. Madzi anali atadzaza, ndipo anali kukankha boti kumbuyo. Anabweza injini, koma boti silimva msanga ngati njinga. Amalume anali atafulatira mlatho, akumwetulira foni.

"Pepani amalume," anayamba Bashiru, "ngati sikungakhale kukuvutitsani, mwina mukanakonda, mwa ulemu wanu..."

"Ukuti chiyani, mwanawe? Kweza mawu."

"Ndimati mpandowo ndi wofewa kwambiri..."

"Ndakhala pampando zaka makumi awiri. Ndisiye ndiwongole miyendo."

Halima anabisa nkhope mu mpango. Mthunzi wa mlatho unafika kumphuno kwa boti. Apo ulemu unamuthera Bashiru. Anadumpha, nagwira mkanjo woyera uja ndi manja awiri.

"Msanga! Pansi, mdala iwe!"

Che Tahiru anagwa chagada, miyendo m'mwamba, Bashiru pamwamba pawo. Mlatho unangonyambita chisoti n'kuchiponya m'madzi. Anatulukira mbali inayo onse atagona ngati matumba a chimanga, foni ikukuwa pansi pa mpando: "Achimwene! Mwafa?"

Bashiru anadzuka, nanjutanso, akudziwa kuti ukwati wapita ndi chisoti. Che Tahiru anakhala tsonga, nasisita dazi lawo, nacheukira konkire ya mlatho ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, mpaka kuseka kunawatulutsa misozi.

"Wanditi chiyani? Bwereza."

"Sindingathe, amalume."

"Mdala iwe!" Anatola foni. "Achemwali, mwamva? Anyamata atatu abwera kwa ine chaka chino, onse aulemu okhaokha. Aja akanandisiya ndithyoke khosi akupepesa. Uyu ndiye atenge mwanayu."

Nthungululu ya ku Liwonde inatuluka mu foni n'kumveka m'ngalande monse, mpaka azungu odya pa khonde anaombera m'manja osadziwa chimene akuombera.

Chisoti anachivuula ndi ngowe, chitanyowa ngati mkate wa mu tiyi. Che Tahiru anakana kuchilandira. Anati chikhale m'botimo.

Mpaka lero chili pomwepo, chomangirira pafupi ndi chiwongolero, ndipo Halima amachichapa pa Idi iliyonse. Bashiru tsopano amawerenga masitepe asanapereke moni kwa wina aliyense, kaya ndi bwana, kaya ndi shehe. Che Tahiru akabwera Lachisanu kudzakwera ulere, amaima pa doko n'kufuula okha:

"Angati lero, mkamwini?"

"Awiri, amalume."

"Basi, ndikhala ndekha. Usandigwire."