Ufa wa m'kapisozi

Manja a agogo anayamba kunjenjemera chaka chimene ndinalowa sekondale. Iwo ndiwo anandilera makolo anga atamwalira, ndipo nyumba yomwe tinkagona kumalaini inali ya esiteti. Ukasiya kutchola tiyi, nyumba umatulukamo. Choncho manja awo ndinkawayang'ana kuposa mabuku anga.

Kuchipatala cha m'tauni anawapatsa makapisozi. Bambo wopereka mankhwala pawindo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Muzimwa m'mawa ndi madzulo. Wina!"

Kumalaini kwathu kapisozi sankamezedwa. Aliyense ankati chikopa chake ndi pulasitiki, mankhwala enieni ndi ufa wam'katimo. Munthu akadzitema ndi chikwanje ankatsegula n'kuwaza ufawo pabala. Mwana akadwala ankamusungunulira pasupuni. Agogo nawo ankatsegula, ufa n'kuthira m'tiyi wawo, chikopa n'kuponya pamoto.

Mankhwalawo ankagwira, koma mwaukali. Agogo akafika kumunda ankamva chizungulire ndi nseru, manja n'kukhazikika kanthawi, dzuwa lisanafike pamutu ayambanso kunjenjemera. Masamba anthete amene kale ankatchola osayang'ana, tsopano ankazula ndi timitengo tomwe.

Loweruka lina ndinawanyamulira dengu kupita kusikelo. Akapitawo anapisamo dzanja n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Amayi, iyi ndi tiyi kapena nkhuni? Kachasu wam'mawa ameneyu eti?"

Anthu anaseka. Agogo, amene mowa sanaulawepo, anangoti, "Pepani abwana, ndisankha." Anagwada n'kuyamba kusankha ndi manja onjenjemera omwewo. Mwezi usanathe anawauza kuti ayambe apuma.

Titabwerera kuchipatala ndinauza namwino wina wachitsikana kuti mankhwala sakukhalitsa m'thupi. Anafunsa mmene amamwera. Ndinatsegula kapisozi mmodzi pamaso pake, iye n'kugwira pakamwa.

"Ayi achemwali! Ameneyu amameza wathunthu. Anamupanga kuti akafika m'mimba aziyandama pamwamba ngati chikho pamtsuko, ufa uzituluka pang'onopang'ono mpaka nthawi yomwa wina. Mukatsegula, wonse umalowa kamodzi n'kutha. Sanakuuzeni?"

Bambo wapawindo uja anali pafupi, akumwa tiyi. Anaseka.

"Anthu akumalaini inu! Chilichonse mpaka kusenda ngati nthochi?"

Mawu amenewo anali ambiri kuposa amene akanatipulumutsa. Nthawi yoseka anali nayo. Nthawi yonena kuti "musatsegule" analibe. Sindinali mwana woyankha akuluakulu, koma mpaka lero ndikamukumbukira ndi kapu yake ija mtima umanditentha. Tiyi amene ankamwayo mwina anatchola ndi agogo.

Agogo anayamba kumeza wathunthu, akutsinzina, akuopabe pulasitiki. Chizungulire chinachepa, manja n'kumakhazikika mpaka masana. Anavala chitenje chawo chakutchalitchi, tinapita kwa akapitawo, ndipo agogo anatambasula manja onse awiri.

"Taonani abwana. Ndachira."

Akapitawo anayang'ana, anavomera kuti zoonadi, kenako anati malo awo analowapo kale wina, ndipo winayo akudikira nyumba yathu.

Katundu wathu anakwana pa matola imodzi. Tinapita ku Thekerani kwa achibale amene sanatiitane, ndipo kusukulu sindinabwererenso. Njira yonse agogo anafumbata botolo la makapisozi pamiyendo, akufunsa ngati kumeneko kuli minda ya tiyi yolemba anthu. Ndinawauza kuti sindikudziwa.