Achemwali amene ndinawasambitsa kawiri

Ntchito yosambitsa maliro ine sindinaifune. Inandigwera chifukwa apongozi anga, amene ankasambitsa amayi onse omwalira m'mudzi mwathu kufupi ndi Chiponde, manja anayamba kuwanjenjemera, pamene anzanga onse akangoona mtembo ankachita mantha. Ine mantha ndilibe. Matenda anga ndi phuma. Amuna anga ankati ndinabadwa ndikuthamanga, ndipo sankanama. Koma kwathu kwa Asilamu phuma la pamaliro salinyoza, poti munthu akamwalira m'mawa timafuna agone m'manda dzuwa lisanalowe. Ndiye anthu ankanditama kuti mayi uyu ndi wachangu, ine n'kumadzimva.

Zinali zaka zija nkhondo inavuta ku Mozambiki. Anthu ankatulukira m'tchire tsiku ndi tsiku, ena ndi mphika pamutu, ena chimanjamanja. Tsiku lina pakhomo pathu panafika mayi wina ali yekhayekha, chitenje chimodzi, mapazi atatupa. Amuna anga anawapatsa malo kuseri kwa khola la mbuzi, tinawamangira kanyumba ka udzu. Anali aakulu kwa ine, choncho ndinkawaitana kuti achemwali. Chiyao chawo chinali chathu chomwechi, kuswali kwawo, kupemphera kwa Chisilamu kuja, kunali kwathu komweku, kusiyana kwathu kunali malire basi.

Nkhani yawo anandiuza kamodzi kokha, tikusenda chinangwa. Amuna awo ndi ana awo aamuna awiri anaphedwa iwo akuona. Mayi awo anapsera m'nyumba. Achemwaliwo anathawa ndi mwana mmodzi amene anatsala, wamkazi, wazaka ngati zisanu ndi zinayi. Pa mtsinje wina mfuti zinalira, anthu anabalalika, kadzanja ka mwanayo kanapulumuka m'dzanja lawo. Kuyambira pamenepo sanamuonenso.

Tsiku lolandira ufa ndi nandolo za othawa nkhondo, anzawo ankalimbirana pamzere. Achemwali ayi. Ankayenda m'mbali mwa mzere kuyang'ana nkhope za atsikana mmodzimmodzi, mpaka nthawi zina ankabwera thumba lili lopanda kanthu. Zimenezi zinkandipsetsa mtima kwabasi. Ndinkawauza kuti, "Achemwali, mudya nkhope za anthu? Chitani sadaka ya mwanayu, ashehe apemphere, mtima wanu ukhale pansi." Tsiku lina ndinafika ponena kuti kamwana kotero m'tchire muja sikangathe sabata. Mawu amenewo ndimawamvabe kuwawa mpaka lero.

Chaka china nthawi ya mvula, chimanga chikumasula, anadwala malungo aakulu. Msewu unali matope okhaokha, galimoto kunalibe, ndipo tinkati tione kaye mawa. Masiku atatu ankangobwebweta. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinawapitira ndi phala, n'kuwapeza ali chagada, maso ali pang'ono tseguke, mapazi ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinawagwedeza, zii. Ndinaika khutu pachifuwa. Kunja mbuzi zinkalira kufuna kutsekuliridwa, mvula ikuwaza padenga, ine sindinamve kanthu. Kodi ndinamvetsera nthawi yaitali bwanji? Ndinene zoona, sindinachedwepo. Ndinawatseka maso, n'kuwamanga chibwano ndi kansalu, n'kutuluka panja kukayamba kulira.

Tsikulo linali Lachisanu. Amuna anagwirizana kuti maliro aikidwe anthu akangotuluka ku Juma, mapemphero a masana a kumzikiti, unyinji udakalipo. Anyamata anathamangira kumanda ndi makasu, sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, inadulidwa, jeneza, chonyamulira maliro chija, anakalitenga kumzikiti. Palibe amene anabwera kudzaonanso. Amene ananena kuti munthu wapita anali ine, ndipo ine ndinali sindinalakwitsepo.

Tinatchinga mphasa kuseri kwa nyumba, amayi anayi, apongozi anga atakhala pampando kutiyang'anira. Madzi ofunda, nsalu pamwamba, kuyambira mbali ya kumanja monga mwa lamulo lake. Nditakweza mkono, unangopindika bwinobwino.

Apongozi anati, "Thupi limeneli lafewa bwanji?"

Ine osaganiza n'komwe ndinati, "Amayi, munthu wopemphera amafewa chonchi."

Iwo anangoti, "Mhm." Ine n'kupitiriza, maso ali padzuwa.

Titamaliza kuthira madzi ndinatenga thonje loti nditseke m'mphuno. Nditangolowetsa mbali imodzi, maliro anayetsemula. Abale inu! Mnzanga wina, pozolowera, anayankha kuti alihamdulillahi, kenako atazindikira amene wayetsemula analumpha n'kupita nayo mphasa yonse. Winayo anagwera mu beseni. Ine ndinangoti chilili, thonje lili m'manja. Achemwali anatsegula maso, milomo ikuyesa kugwedera koma chibwano chili chomanga. Ndinamasula kansalu kaja.

Mawu awo oyamba anali akuti, "Kulibe."

"Kulibe ndani, achemwali?"

"Mwana wanga. Kulibeko kumene kuja."

Panja panali chipwirikiti. Olira anasiya kulira n'kuyamba kuthawa, ana anakwera mumtengo wa mango, ena ankakuwa kuti mzukwa. Ashehe okha ndi amene sanatekeseke. Anabwera, anaima pakhomo, anati tsiku la munthu amalidziwa ndi Mulungu, ndipo la mayi awa linali lisanakwane. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena motsitsa kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi." Ndikanakonda akanandimenya mbama. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe.

Chakumasana, atamwa phala pang'ono, anandifotokozera moduladula. Anati anapezeka ali kumudzi kwawo, koma mudziwo sunali wopsa. Nyumba zonse zinali chiimire, mitengo ya mango ili ndi mthunzi, ndipo kunali bata loti sanalimvepo chiyambire nkhondo. Anthu onse a m'mudzimo amene anafa anali pabwalo. Amuna awo ankasoka mphasa, thupi lonse lili bwinobwino lopanda bala. Anyamata awo awiri aja ankakangana za legeni monga ankachitira kale. Achemwali mtima unayera, anafuna kungokhala pansi osadzukanso. Koma asanakhale anayamba kuyang'ana nkhope za ana, mmodzimmodzi, mpaka kumapeto kwa bwalo. Wawo panalibe. Ndiye mayi awo, amene ankapeta mpunga pakhonde, anadzutsa mutu n'kuwakalipira kuti, "Iwe wabwera wekha? Nanga mwana wamusiya ndi yani? Bwerera msanga." Pobwerera ndi pamene anamva chinthu chikuwayabwa m'mphuno.

Ankanena zimenezi akumwetulira, munthu amene zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo mano.

Koma kumanda dzenje linali lidakali kukamwa. Kwathu amati manda okumbakumba sawasiya choncho, amaitana munthu wina, ndipo sawakwirira opanda kanthu. Makolo ankadula thunthu la nthochi n'kuligoneka m'menemo. Ashehe anati zimenezo m'chipembedzo mulibe, koma sanaletse. Vuto linabwera ndi amalume a amuna anga, bambo wachifundo ndithu, amene anakumbutsa anthu kuti thunthu la nthochi timaikanso m'malo mwa munthu amene wafera kutali, mtembo wake osaoneka. Anati manda alipo, sanda yadulidwa kale, anthu asonkhana. Bwanji thunthulo tilikulunge mu sanda, tiliike m'dzina la kamtsikana kaja, mayi ake apumule? Amuna onse anavomera. Ngakhale ine ndinaona ngati nzeru, ndipo ananditumanso ineyo kuti ndikawauze.

Ndinalowa, ndinagwada pafupi, ndinayamba kuzungulira nkhani. Achemwali anandimva ndisanafike pakati. Munthu woti sankatha kugwira chikho anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

"M'mawa mumafuna kundikwirira ine ndili moyo. Dzuwa silinalowe, mukufuna kukwirira mwana wanga ali moyo. Takulakwirani chiyani ife, mayi inu?"

Ndinatuluka misozi ili chuchuchu, ndipo mkwiyo umene ndinali nawo pa ine ndekha ndinakautulira pa amuna. Ndinapita pabwalo pomwe anakhala, malo oti mkazi safikapo pa nkhani ya manda, ndinaima osagwada n'komwe. Ndinati, "Nthochiyo muikwirire ngati nthochi. Wina akangotchulapo dzina la mwana, mkazi wake akadzafa adzamusambitse yekha." Amuna anga anaweramitsa mutu. Amalume aja anandifunsa kuti, "Apongozi, mwatani kodi?" Ndinati sindinatani, ndatopa kuika anthu amoyo. Thunthu linapita kumanda lopanda sanda, lopanda dzina, ndipo ine ndinakapepesa kwa amalume patatha masiku atatu, nkhuku ili m'manja.

Miyezi yoyamba anthu ankawaopa achemwali. Kuchitsime amayi ankasuntha ndowa zawo, ndipo mbale imene adyera ena sankafuna kuigwira. Ine ndinkadya nawo mbale imodzi pakhonde, dala, kuti odutsa aone. Bambo wina wa kuchipatala, titamufotokozera, anati malungo akakwera kumutu munthu amaona zinthu. Mwina n'zoona, iye ndi amene anaphunzira. Ine chimene ndinaona n'chakuti mayi amene ankadzidzimuka chitseko chikangomenyetseka anasiya mantha. Imfa ankaikamba ngati mudzi wa tsidya lina kumene kuli abale. Maliro akachitika ankapita kwa ofedwa n'kuwauza kuti, "Musalire kwambiri, kumene kuja kuli mthunzi." Ena ankakwiya nawo, koma ena ankabwera mobisa kudzafunsa ngati anaonako mwana wawo kapena bambo awo.

Kufunafuna kuja ndinayamba kupita nawo. Tikamva kuti kwinakwake kwafika ana opanda makolo, tinkanyamuka. Tinatsikira ku Mangochi pa lole ya fodya, tinayendayenda mumsika. Wina anatiuza kuti cha ku Nkopola kuli mtsikana wa ku Mozambiki amene amayanika usipa pa thandala za bambo wina. Tinayenda wapansi dzuwa lili pamutu. Mtsikanayo tinamupezadi, wamsinkhu womwewo, koma anali mwana wa eni ake. Achemwali anamusisita kumutu, anamufunsa za kwawo, kenako anandiuza kuti, "Tiyeni, si ameneyu." Ine ndi amene ndinalira njira yonse, iwo akunditonthoza. Ankati, "Ali moyo, ndinakaona ndekha kuti sanafike."

Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo pa malole. Achemwali anati akolole kaye, kenako apite akafunse mudzi ndi mudzi. Koma anali atayamba chifuwa. Anamwa mankhwala, anaonda, ulendo unkangosunthira kutsogolo. M'mawa wina wa chilimwe, ndikuwathandiza kukhala tsonga, anatsamira paphewa langa n'kupuma mpweya wautali, osabwezanso wina.

Ulendo uno sindinatuluke kukalira. Ndinawagoneka, ndinaika khutu pachifuwa nthawi yaitali mpaka khosi kuwawa. Ndinaika kathonje pafupi ndi mphuno kuti ndione ngati kagwedere. Chibwano sindinamange. Amuna anga anasuzumira n'kufunsa ngati anyamata apite kukakumba, ndinati wogwira khasu aonana ndi ine. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka. Ashehe anatumiza uthenga kawiri. Anthu panja ankanong'onezana kuti mayi wachangu uja lero wapenga.

Ine ndinali m'kati kulankhula nawo. Ndinkati, "Achemwali, mwayang'ana mokwanira. Mwaona kuti kulibe. Bwererani, kudakali midzi yoti tikafunse." Ndinkawakweza mkono n'kuubweza, kuukweza n'kuubweza. Chakumadzulo mkonowo unakana kupindika.

Apongozi anga, amene pa nthawiyo ankayenda ndi ndodo, analowa n'kukhala pambali panga. Anawagwira mapazi, anawagwira pamphumi, kenako anandigwira ine.

"Mwana wanga, asiye. Ulendo uno sawabweza."

Ndinati, "Sawabweza bwanji? Mayi awo aja salola kuti akhale mwana ali kuno."

Apongozi anangondiyang'ana, ndipo ine ndinamva zimene pakamwa panga panali patangonena. Ngati sanawabweze, ndiye kuti pabwalo paja anamupeza.

Ndinalira kulira kumene sindinalirepo chibadwire, mpaka amayi amene anabwera kudzandithandiza anayamba agwira ine. Sindinkadziwa ngati ndikondwere kuti achemwali agwiranso kadzanja kaja, kapena ndidzimenye pachifuwa kuti tinachedwa, kuti mwina mwanayo anali moyo zaka zonse zimene tinkamufuna kolakwika. Ndinawasambitsa pang'onopang'ono, anthu akudikira panja, ndipo palibe amene anayerekeza kundifulumizitsa. Jeneza linanyamula munthu mmodzi, koma ine tsiku limenelo ndinalira maliro awiri, ndipo amene anandipweteka kwambiri anali a mwana amene nkhope yake sindinaionepo.