Tsiku Limene Nkhope ya Alamu Inaoneka

Benchi yanga ya makava a foni ndi machaja ili pakhonde la sitolo ya nsapato, mapazi asanu ndi awiri kuchokera pakhomo. Olowa ndi otuluka ndimawaona onse. Koma amene ndinkawaona kwambiri ndi Alamu, chifukwa foni yawo inkatha moto kawiri pa tsiku ndipo ankatchaja kwa ine.

Ntchito yawo inali kutsatsa malonda a sitoloyo pa intaneti. Ankajambula nsapato, kulemba mawu, kuika patsamba, kuyankha ofunsa mitengo, kuthamangira kosindikiza zikwangwani. Dzina la Alamu linabwera chifukwa uthenga uliwonse ankauyamba ndi mawu akuti, "Alamu anga, mwadzuka?" Kenako nthabwala zachilamu: "Alamu, nsapato mwavalayo yayasama, ikufuna kunena chiyani? Bwerani tiitseke pakamwa." Anthu ankafa nazo kuseka. Pamene ankayamba ntchito, tsambalo linali ndi otsatira 312. Patatha zaka zinayi anali 48,000.

Mwa anthu onsewo panalibe amene ankadziwa nkhope yawo. Alamu anapsa ndi madzi otentha ali mwana, ndipo chipsera chinatsika kuchokera kukhutu lamanzere mpaka kuchibwano. Pazithunzi pankaoneka manja awo okha, atanyamula nsapato.

"Manja anu ndi ogulitsa, mayi," abwana ankatero antchito onse akumva. "Koma nkhopeyo tisaopseze nayo makasitomala. Ena amaona tsambali akudya."

Alamu ankaseka nawo. Akafika pabenchi panga m'pamene ankanena za kumtima. "Achimwene, tsiku lina ndidzaoneka. Abwana alonjeza kuti tikafika 50,000, ndijambulitsa vidiyo yanga, komanso mpando wa woyang'anira zotsatsa ndi wanga." Ine ndinawerengera pomwepo: otsatira atsopano 40 pa tsiku, ndiye kuti masiku 50. Ndinayamba kudula masikuwo ndi cholembera pakatoni ya machaja.

Nditadula masiku 31 kunabwera mwana wa mlongo wawo wa abwana, amene tinamupatsa dzina loti Kadona. Mpando uja unapita kwa iye. Anamujambula atakhala pakauntala, pansi pa chithunzi n'kulembapo kuti, "Alamu anu aja ndi awa." Amene anajambula ndi kulemba mawuwo anali Alamu enieniwo. Makasitomala ankabwera kudzajambulitsa ndi Kadona, eni dzina ali kuseri kwa mashelefu akupukuta nsapato zoti ziikidwe patsamba mawa lake.

Chilamu chili ndi malire ake. Alamu ankanyoza nsapato, osati mwini phazi, ndipo pa zaka zinayi sanatchulepo kasitomala kuti "iwe". Kadona ankaona ngati nthabwala ndi mwano ndi chinthu chimodzi. Lachiwiri lina, Alamu atapita kosindikiza, mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankagula pamenepo chaka ndi chaka, analemba patsamba kuti chidendene cha nsapato yake chamatuka sabata isanathe. Kadona anayankha kuti, "Iwe mlamu, chepetsa thupi. Nsapato si thirakitala."

Mayiyo anaphunzitsa theka la tauni. Pofika masana otsatira 1,900 anali atachoka. Ndinkaona nambala ikutsika ngati batire ya foni yakale.

Alamu atangofika ndi zikwangwani kukhwapa, abwana anawaimitsa pakhonde, pafupi ndi benchi yanga.

"Patsamba paja amalemba ndani?"

"Ndimalemba ndine, bwana, koma uthenga uja si ine."

"Mwanena nokha kuti mumalemba ndinu. Mwanayu ali ndi tsogolo, sitingamuipitsire nkhope. Nanga yanuyo, pali choipitsanso?"

Wogulitsa wina anaseka mpaka kutsamwa.

"Munkalirira vidiyo," abwana anatero. "Lero nayo."

Foni anagwira Kadona. Anawaimika pafupi ndi windo, dzuwa likuwomba tsaya lamanzere. Alamu, amene ankadziwa za kuwala kuposa aliyense mumsewu wathu, anayesa kutembenukira mbali inayo.

"Ayi anti, choncho muli bwino," anatero Kadona.

"Ndine ndinalemba mawu aja. Ndinakutchulani kuti iwe. Pepani, amayi," anatero Alamu. Anawabwerezetsa katatu, chifukwa abwana ankati chisoni sichikuoneka.

M'masiku awiri vidiyoyo inaonedwa ka 210,000. Palibe nsapato imene inafikapo ngakhale ka 9,000. Wina analemba kuti, "Nkhope ndi mtima n'zofanana." Wina anati, "Mlamu wotere, ine ukwati ndithawa." Anthu ankatumizirana, ndipo aliyense wobwera kudzaseka ankatsatira tsambalo. Lachisanu m'mawa linadutsa 50,000, masiku 9 lisanakwane tsiku limene ndinawerengera. Masana ake Alamu anapatsidwa kalata, ndipo patsamba panalembedwa kuti, "Alamu anga, wamwano uja tamuchotsa."

Kuyambira pamenepo dzina lawo mumsewu linasintha. Oitanira minibasi akawaona ankakuwa kuti, "Iwe! Chepetsa thupi!" Anafunsira ntchito m'masitolo anayi. Konseko ankawazindikira asanakhale n'komwe pampando.

Patatha sabata ziwiri anabwera kudzatenga chaja chawo chimene anachiiwala. Ine maganizo anali atandifikira kale, ndipo ndinawakhuthula onse.

"Alamu, tiyeni titsegule tsamba la benchi ino. Inu mumadziwa ntchito. Taonani, anthu 210,000. Atabwera mmodzi yekha pa 100 aliwonse, ndi makava 2,100. Chaka chamawa tili m'sitolo yathuyathu."

Anakulunga chingwe cha chaja kuchala.

"Achimwene, mukufuna manja kapena nkhope?"

Ndinachedwa kuyankha. Sikunali kuchedwa kwenikweni, mwina masekondi atatu.

"Mwayankha," anatero, n'kumapita.

Lolemba m'mawa ndinawapeza atafika kale pabenchi, atavala bulauzi yoyera imene anandionetsa kalekale kuti ndi ya tsiku la vidiyo yawo. Kunyumba anali ndi ana awiri. Anasankha kava yofiira, anaipukuta ndi mpango, n'kundipatsa foni.

"Imani uko, dzuwa lichokere kumanzere," anatero. "Ndi mbali imene anthu amaifuna."